Bere la Nsinjiro

Zinayamba ndi mfundo ya chingwe. Dominic Phiri anali atasamalira mahatchi zaka zisanu ndi zinayi pa famu ina ku Chisamba, ndipo mfundo yake ankatha kuimanga atatsinzina: ija yoti ukakoka nsonga imodzi chingwe chonse chimamasuka, kuti hatchi ikadzidzimuka isadzipotokole khosi. Koma m'mawa umenewo, chisanu cha mu Juni chikuluma zala, anapeza mahatchi onse asanu ndi imodzi atamangidwa ndi mfundo ina, yothina, yobwereza kawiri, imene amayi amamangira mtolo wa nkhuni. Komanso sanali pamene anawasiya. Madzulo anawamanga pansi pa mkuyu waukulu, m'mbali mwa kamtsinje ka Chamatope. Kutacha anali kumtunda, pa misuku, ataima duu ngati ana olangidwa kusukulu.

Mlonda wa pamsasapo, a Sylvester, analumbira pali Mulungu kuti sanagone ngakhale pang'ono. Analumbira choncho mizere ya bulangete ikuoneka patsaya. Dominic sanawatsutse, popeza mlondayo anali munthu wamkulu. Anangomasula mahatchi aja ndi mano ndi zikhadabo n'kuwabwezera pansi pa mkuyu.

Msasawo unali wa Salman, mwana wa mwini sitolo wina wa ku Katete. Mnyamatayu anatopa ndi kuyeza misomali pa sikelo ya bambo ake, n'kuganiza zogula mahatchi oti alendo ochokera ku Lusaka azikwera, kudutsa m'mapiri a kumpoto kwa Sinda mpaka kufupi ndi malire a paki ya nyama, kugona m'matenti usiku uwiri n'kubwerera. Anthu anamuseka, koma alendo ankabweradi, ndi zipewa zawo zazikulu. Za mahatchi Salman sankadziwa kanthu. Zonse anazisiya m'manja mwa Dominic, ndipo anamulonjeza chinthu chimodzi chimene chinamulowa mumtima kuposa malipiro. Pa mahatchiwo panali yaikazi, yofiirira, imene Dominic anaitcha Nsinjiro chifukwa cha mtundu wake. Inabwera ili ndi bere, ndipo Salman anati mwana wobadwayo adzakhala wa Dominic.

Tangoganizani munthu amene wapesa mahatchi a eni ake moyo wake wonse, wopanda ngakhale mbuzi yakeyake. Dominic ankaika khutu pamimba pa Nsinjiro m'mawa uliwonse. Ankaipukuta ndi mankhwala othamangitsa kashembe kawiri pa tsiku, pamene anzake ankawapukuta kamodzi. Ankaiyankhula mawu ofewa amene mkazi wake Naomi anali asanawamve chichokereni ku tchalitchi. Pa nthawi ya mfundo zachilendoyi, bere linali litatsala ndi milungu itatu.

Malo a pansi pa mkuyu anawasankha yekha. Panali mthunzi, madzi anali pafupi, ndipo dothi lake linali lofewa, lopanda miyala yopweteka ziboda. Iye anali mkamwini m'mudzi wapafupi ndi msasawo, kwawo kunali ku Vubwi, choncho anachita zimene munthu wanzeru amachita: anafunsa amuna a m'mudzi ngati panali manda kapena malo oletsedwa. Amunawo anamulozera manda awo, kutali kutsidya, nati kwina konseko mangani. Amene anakana anali Naomi yekha. Anamupempha katatu, masiku osiyana, kuti mahatchi asaime pansi pa mkuyu. Atamufunsa chifukwa, anangoyang'ana pansi n'kunena kuti si pabwino. Dominic anaseka, nati mkazi amene sanagwirepo chishalo asamuphunzitse poimika hatchi. Paja amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Usiku wachiwiri zinachitikanso. Wachitatunso. Mahatchi ankapezeka pa misuku, mfundo ili yomweyo ya nkhuni, ndipo panalibe chobedwa. Zishalo zinali m'malo mwake, chimanga cha mahatchi chilipo, ngakhale ndowa sinasowe. Wakuba wanji amene amangosuntha katundu n'kumusiya? Koma Dominic anaonanso china. Nsinjiro inali ndi chizolowezi chopalasa pamalo amodzi, pakati pa mizu iwiri ya mkuyu, mpaka kukumba kadzenje. M'mawa uliwonse kadzenje kaja kankapezeka katakwiriridwa bwinobwino, dothi lili lofewa ngati losefa, ndipo pozungulira ponse pali mizere ya tsache. Phazi la munthu panalibe ngakhale limodzi.

M'mudzi nkhani inayenda ngati moto wa lupsa. Ena ankati afiti atopa ndi afisi, tsopano akufuna zokwera zapamwamba ngati alendo a ku Lusaka. Ena ankati ndi amalonda anzake a Salman akumuyesa. Amene ankalankhula anali amuna, pa bawo ndi pa mowa. Amayi akamva nkhaniyo pachitsime ankangotunga madzi awo n'kusenza. Dominic akanakhala munthu woona zinthu, akanadabwa kuti m'mudzi wa amayi olongolola chotero nkhani yokoma ngati imeneyi ikusowa woitola. Koma maso ake anali pamimba pa hatchi.

Atamuimbira foni Salman, yankho linali lalifupi. "Manje mufuna niwauze chani makasitomala? Kuti tili na mfiti pa kampu? Abwera Lachisanu, aDominic. Konzani chabe."

Usiku wachinayi Dominic anaganiza zolonda yekha. Anauza Naomi kuti akagona kumsasa chifukwa Nsinjiro sikudya bwino, ndipo Naomi anangoti chabwino. Anatenga chikwanje ndi tochi, n'kukabisala m'tenti yosungira zishalo, atasiya kampata koonera. Mwezi unali wochedwa kutuluka. Mdima wa pansi pa mkuyu unali wothithikana moti mahatchi ankangowadziwa ndi kupuma kwawo ndi kugunda kwa ziboda. Nkhululu zinalira, lumbe analira kutsidya n'kusiya, a Sylvester anayamba mkonono wawo pafupi ndi moto umene unali kuzima. Chisanu chinakwera kuchokera kumadzi n'kumulowa m'mawondo. Anadikira mpaka anayamba kudziseka yekha.

Kenaka nkhululu za kumunsi kwa mtsinje zinakhala chete. Za pafupi zinatsatira. Bata lija linkayenda, likubwera kumsasa pang'onopang'ono, monga mmene munthu amayendera posafuna kudzutsa wodwala. Dominic anamva tsitsi likumuyenda. Anamva tsamba louma likuphwanyika, kenaka lina. Mwezi utangosuzumira pamwamba pa phiri, anaziona: zinthu zinayi zofunda nsalu kuyambira kumutu, zopanda nsapato, zopanda nyali, zikutuluka m'bango mondondozana.

Chimene chinamuopsa kwambiri chinali chakuti mahatchi sanachite mantha. Hatchi imadzidzimuka ndi pepala louluka, koma awa anangotembenuza makutu n'kulola kumasulidwa, imodziimodzi, n'kutsogozedwa kumtunda. Zitatha izo, zinthu zija zinabwerera pakati pa mizu iwiri ija n'kugwada. Zinayamba kufukula dothi ndi zala, mofatsa, osati mokumba, koma monga mmene mlimi amafewetsera dothi pozungulira mbande. Zitatu zinanyamuka n'kuyamba kusesa chobwerera m'mbuyo. Chimodzi chinatsala chigwadire, chitatsamiritsa chikhatho pansi, ndipo kuchokera m'kati mwa nsalu munkatuluka kamawu kapansipansi, kopanda mawu enieni, konga kung'ung'udza. Dominic anali ndi chikwanje m'dzanja lamanja ndi tochi kumanzere, koma ngakhale chala sichinamvere. Anakhala chomwecho, mano akugundana, mpaka bango linatseka kumbuyo kwa chomaliza ndipo nkhululu zinayambiranso.

Kutacha, mantha anasanduka mkwiyo, monga zimakhalira ndi mwamuna amene wadziona yekha akunjenjemera. Anatsimikiza kuti pakati pa mizu paja panakwiriridwa mankhwala oipa, ndipo eni ake amabwera kudzawadyetsa. A Sylvester ananong'ona kuti aitane munthu wodziwa azafukule. Dominic anakana. Anati iye sagwira zonyansa, ndipo chimene chili pansi chikhale pansi mpaka kalekale. Anabwereka ngolo, natuta miyala ya m'phiri maulendo awiri, n'kuikhuthulira pansi pa mkuyu. Anaiyala, anathirapo dothi la pachulu ndi madzi, n'kutenga chipika cha mtondo kuyamba kutsindira. Anatsindira ndi ukali wonse wa usiku uja, makamaka pakati pa mizu iwiri, mpaka pamalopo panalimba ngati pabwalo la sukulu.

Naomi anafika ndi chakudya cha masana ntchito ili pafupi kutha. Anaima patali, mbale zili pamutu, akuyang'ana chipika chikukwera ndi kutsika. Dominic anamuitana mokondwa kuti adzaone, nati tsopano aone ngati afiti ali ndi zala zachitsulo. Naomi sanayandikire. Anatula mbale pansi, pomwe anaimapo, mosamala kwambiri.

"Mwatsiriza, aPhiri?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndatsiriza."

"Chabwino," anatero, n'kutembenuka kubwerera kumudzi.

Usiku umenewo sikunabwere kanthu. Wotsatirawonso ayi. Mahatchi ankacha ali pansi pa mkuyu, ndi mfundo ya mwini wake, ndipo Dominic anayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo. Kunyumba nakonso zinthu zinakoma modabwitsa. Naomi, amene kwa miyezi yambiri ankangoyankha mawu amodziamodzi, anayamba kumutenthetsera madzi osamba asanapemphe. Anayamba kufunsa za Nsinjiro: kuti yatsala ndi masiku angati, imakonda kudya chiyani, ndiponso ngati hatchi nayo imamva chisoni ngati munthu. Dominic anayankha zonse mosangalala, poganiza kuti mkazi wake wayamba kuona nzeru. Ine ndimati munthu akakwiya n'kumakalipa ukhoza kugona tulo. Woopsa ndi amene wakwiya n'kumakufunsa ngati madzi atentha bwino.

Lachisanu alendo anafika, anayi, pa galimoto ya Salman. Ulendo unali wa masiku atatu, ndipo Nsinjiro sikanatha kupita ndi mimba yotero. Dominic anavutika mumtima poisiya ndi a Sylvester okha, odziwa tulo aja. Ndiye anachita chimene anaona ngati chanzeru. Anapempha Naomi kuti madzulo aliwonse azipita kumsasa kukaipatsa gaga wonyowetsa ndi mchere pang'ono. Naomi anavomera asanamalize n'komwe kupempha.

Ananyamuka dzuwa litakwera pang'ono, Dominic ali patsogolo, alendo pakati, ndipo kumbuyo sikauti wa nyama akuyenda pansi ndi mfuti yake pamodzi ndi onyamula matenti. Anadutsa minda ya thonje yokololedwa, analowa m'nkhalango ya mitondo ndi mombo, anawoloka mitsinje youma ya mchenga. Alendo ankajambula chilichonse, ngakhale ndowe za njovu. Tsiku lachiwiri madzulo anamanga matenti pa kaphiri koyang'ana kuchigwa cha paki. Anakoleza moto waukulu, anamanga mahatchi pafupi chifukwa cha mikango, ndipo alendo atatopa ndi nkhani analowa kukagona.

Dominic sanapeze tulo. Pakati pa usiku anamva mahatchi asiya kutafuna. Atatuluka anawapeza onse asanu ataimika makutu, akunjenjemera. Poyamba anaganiza za mkango, koma sanali kuyang'ana kuchigwa kumene kuli zilombo. Onse anali atatembenukira kummwera, kumene anachokera. Mphepo inali itaima. Ndipo m'bata limenelo, kutali kwambiri, anamva hatchi ikulira. Kunali kulira kwakutali, kosweka kumapeto, ndipo anakudziwa monga mmene kholo limadziwira chifuwa cha mwana wake pakati pa ana ambiri. Msasa unali ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera pamenepo, kuseri kwa mapiri atatu. Palibe khutu la munthu limene lingamve mtunda wotero.

Anagwedeza sikauti uja n'kumufunsa monong'ona ngati wamva. Sikauti anamvetsera nthawi yaitali, nati sakumva kanthu, koma anakoka mfuti yake n'kuiika pamiyendo. Kulira kuja kunabweranso kawiri. Mahatchi asanu aja anayankha onse pamodzi, alendo anadzuka ndi mantha, ndipo palibe amene anagonanso.

Pobwerera Dominic anawathamangitsa alendowo moti wina anadandaula msana. Anafika pa Chamatope dzuwa likupendeka. A Sylvester anali atakhala pa chitsa kunja kwa msasa, chipewa chili m'manja, ndipo atamuona anayang'ana kumbali. Dominic anatsika pa hatchi modumpha n'kuthamangira ku mkuyu.

Miyala yonse inali itazulidwa. Ngolo ziwiri za miyala yotsindira, imene inamutengera theka la tsiku, inali itaunjikidwa bwinobwino kumbali, ndipo pakati pa mizu iwiri dothi linali lofewa, losesedwa. Nsinjiro inali pa misuku, yomangidwa ndi mfundo ya nkhuni. Inaima itazolika mutu, ikunjenjemera miyendo. Mimba ija, imene ankaikapo khutu m'mawa uliwonse, inali itaphwa, ikulendewera ngati thumba lopanda kanthu. Kumchira ndi kumiyendo yakumbuyo kunali magazi ouma. Anazungulira msasa wonse, analowa m'bango, anayang'ana m'madzi. Mwana wa hatchi panalibe, wamoyo kapena wakufa. Panalibe phazi la fisi, panalibe pokokera, panalibe ngakhale ntchentche zolozera. Ponse panali mizere ya tsache.

A Sylvester atafunsidwa anayankha monong'ona, maso ali kumudzi. Anati usiku wa dzulo sanagone, ndipo ulendo uno zinali zoona. Anati sizinali zinayi, zinali zambiri, mwina makumi awiri, ndipo zinanyamula miyala usiku wonse popanda wotsokomola. Anati iwo ndi nkhalamba, anabadwira m'mudzi momwemo, ndipo pali zinthu zimene mwamuna akaziona amatembenuka n'kuyang'ana kumoto.

"Pitani kunyumba, aPhiri," anatero. "Ine musandifunse."

Anapeza Naomi atakhala pakhonde, akuswa mtedza m'lichero. Kunja kunali kutayamba kuda. Sanadzuke kumulandira, ndipo sanasiye ntchito yake. Dominic anaima pabwalo, mpweya ukumuthera, n'kufunsa chimene anaipatsa hatchi. Naomi anati anaipatsa gaga ndi mchere, monga anauzidwira, ndi zina zimene amayi amadziwa.

"Iwe? Unali iwe?"

"Khalani pansi, aPhiri. Mwayenda ulendo wautali."

Sanakhale. Ndiye Naomi anayankhula ali chiswere mtedza, mawu ake ali osalala ngati akunena za mvula. Anamukumbutsa za mwezi wa Disembala, pamene iye anali ku Chisamba ndi Salman kukasankha mahatchi, ndipo mwana wawo woyamba anabadwa wakufa. Mwana wotere, wa nsenye, sapita kumanda a anthu onse, ndipo saliridwa maliro. Amakamuika amayi okha, m'mbali mwa madzi, m'kadzenje kosaya, ndipo dothi amangoliwaza mopepuka. Amati mukalitsindira mwatseka mimba ya mayi wake, sadzaberekanso. Malowo mwamuna sauzidwa, ngakhale bambo wa mwanayo. N'chifukwa chake amuna a m'mudzi anamulozera kutsidya ndi mtima woyera, pakuti nawonso sankadziwa. Pansi pa mkuyu paja panagona ana a amayi ambiri a m'mudzimo. Pakati pa mizu iwiri panagona wake.

Dominic anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire.

"Malo sindikanatchula. Koma ndinakupemphani katatu, ndipo mkazi wanu akakupemphani katatu chinthu chaching'ono chotero, simufunika chifukwa." Anataya makoko pansi. "Munabwera kuchokera ku Chisamba kuja n'kunena kuti tidzabereka wina, basi, n'kuyamba kundiuza za bere la hatchi. Miyezi isanu ndi umodzi simunafunse ngakhale kuti anali wamwamuna kapena wamkazi. Ndinakhululuka. Mahatchi anu anamuponda, ife n'kumakonza usiku, osakuvutitsani. Ndinakhululukanso. Kenaka ndinaima ndi mbale pamutu, ndikukuonani mukumutsindira ndi chipika, mukuseka."

"Sindinadziwe, Naomi."

"Ndikudziwa kuti simunadziwe. Miyala tachotsa, koma amayi akuti mwina tachedwa. Ngati ndi choncho, ine ndatha, m'nyumba muno simudzalira mwana. Ndinafuna kuti nanunso mudikire chinthu miyezi yonseyo, muziwerenga masiku, muzichiyankhula chili m'mimba, kenaka mubwere mupeze palibe."

Ananena zimenezi osakweza mawu, osagwetsa msozi, ndipo Dominic anamuopa kuposa mmene anaopera zinthu zofunda nsalu zija. Anafuna kukalipa, anafuna kumugwira, koma mkwiyo wake unasowa poima. M'nyumba zoyandikana munali zii. Anazindikira kuti pakhomo lililonse pali mayi amene wakhala mumdima akumvetsera, zala zake zili ndi mabala a miyala.

Patapita nthawi anafunsa chinthu chimodzi chokha chimene chinamutsalira. Anafunsa ngati kamwana ka hatchi kanatuluka kamoyo, ndi kumene kali, kuti akangokaona kamodzi.

Naomi anapeta mtedza uja, anauzira makoko otsala, n'kuimirira ndi lichero lake. Pakhomo anatembenuka.

"Takaika bwino, mosatsindira," anatero. "Koma kumene kali musafunse. Za nsenye amuna sauzidwa."

Analowa n'kutseka chitseko. Kumtsinje Nsinjiro inayambanso kulira, kuitana mwana amene sinamunyambite n'komwe, ndipo Dominic anatsala chiimire pabwalo, osadziwa kuti ayambe kulira uti.